Kukaona mkuwa kwawo: masiku asanu ndi limodzi pa msewu wa ku Kitwe

Lolemba, Lilongwe mpaka Chipata

Zaka 14 ndakhala ndikujambula Periodic Table pa bolodi, ndipo zaka zonsezo pakati pake ndimapadutsa chothamanga ngati pa manda usiku. Banja la sodium ndimalifotokoza mpaka choko kutha, la chlorine chimodzimodzi. Koma ndikafika pa chibokosi cha pakati chija, magulu 3 mpaka 12, ndimangoti: "Awa ndi ma transition metals. Ndi olimba, sasungunuka msanga, mankhwala ake amakhala a mitundu yowala. Lembani." Ana amalembadi. Mu labu yathu muli botolo limodzi la copper sulphate limene linagwirana n'kukhala mwala, ndipo timalitulutsa kamodzi pa chaka ngati mbale za alendo.

Amene wandinyamutsa ndi amalume anga a ku Kitwe. Iwo anabadwira komweko, bambo awo atapita ku migodi kuchokera ku Dowa, ndipo agwira ntchito yoyenga mkuwa mpaka kupuma. Pa foni anandifunsa kuti, "Mphwanga, iwe umaphunzitsa mkuwa. Unauonapo uli madzi?" Ndinasowa choyankha. Tchuthi chitangoyamba ndinagula tikiti.

Msewu wa ku Mchinji ndimaudziwa, koma lero ndauyang'ana ndi maso a ntchito. Dothi lofiira la katondo limene latidetsa makolala ndi chitsulo chimene chinakumana ndi mpweya kalekale, dzimbiri la dziko lonse tingoti. Kumpoto kwa msewu, cha ku Kasiya, m'dothi momwemo anapezamo rutile wochuluka, mwala wa titanium. Titanium yo ikagwirizana ndi oxygen n'kuyengedwa imayera kuti mbee, ndipo ndi imene imayeretsa penti wa m'nyumba. Azibale awiri a mzere umodzi wa tebulo, wina nambala 22 wina 26, wina woyera wina wofiira. Chifukwa chake ndichisunga kaye, tikafike kumene kuli miyala.

Pa chipata cha Mchinji ndi Mwami sitinachedwe. Ndagona ku Chipata, kumene Chichewa changa chikuyenda popanda wondifunsa kwathu.

Lachiwiri, Chipata mpaka Lusaka

Tsiku la basi basi. Tanyamuka kusanache, tadutsa Katete, Petauke, Nyimba, kenako mapiri ndi makhotakhota otsikira ku mlatho wa Luangwa, kumene amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Titakwera tsidya linalo basi inatentha injini, tinakhala pa dzuwa maola awiri. Kondakitala anathira madzi a m'chigubu mu redieta, ndipo amene anatuluka pansi anali abulauni ngati thobwa la mawere. Mayi amene ndinakhala naye pampando anati, "Yadwala m'mimba." Sanalakwe. Dzimbiri linali litadya mkati.

Mayi yemweyo anali woyembekezera, ndipo atadya anameza kambewu kofiira ka ku sikelo, ka magazi kaja. Mkati mwake ndi ferrous sulphate. Chitsulo chimene chikuwononga redieta ndi chomwecho chimene chimakhala pakati pa haemoglobin n'kumanyamula mpweya m'magazi. Sindinawauze. Munthu wotopa safuna phunziro.

Tafika pa siteji ya mabasi ya Intercity mu Lusaka mdima utagwa, mutu ukuwawa.

Lachitatu, Kabwe

Ndikanatha kudutsa Kabwe pa basi ngati ena onse, koma ndatsika dala, makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Lusaka. Tauniyi kale inkatchedwa Broken Hill. Miyala ya mtovu ndi zinki anaipeza kuno mu 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo mgodi unagwira ntchito mpaka 1994. Mu 1921 anthu okumba anatulutsa chigaza cha munthu wakalekale, chimene mpaka lero chili ku London. Pakati pa tauni pali mkuyu waukulu umene apaulendo akale ankapumulirapo. Ndinadyera pamenepo chinangwa chootcha.

Mtovu si wa m'banja limene ndikulondola, uli kumanja kwa tebulo. Koma sungalembe za Kabwe n'kuusiya. Fumbi la milu ya zinyalala za mgodi lakhala likuulukira m'makomboni monga Kasanda ndi Makululu kwa zaka zambiri, ndipo ana ambiri apezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Woyendetsa njinga amene ananditengera kufupi ndi muluwo anandilangiza kuti ndisambe m'manja ndisanadye. Pobwerera ndinaona ana atatu akusewera phada pa dothi lomwelo, wina ataluma mwala wake pakamwa kuti amange nsalu.

Zinki ndi mlendo wa pakhomo. Ali mu gulu 12, kumapeto kwenikweni kwa chibokosi chija, ndipo akatswiri ambiri samuwerengera ngati transition metal weniweni. Amasungunuka pa madigiri 420 okha, pamene mkuwa umafuna 1,085 ndipo chitsulo 1,538. Mankhwala ake ndi oyera. Akamagwirizana ndi zinthu zina amapereka maelekitironi awiri, lero awiri, mawa awiri, sasintha. Ntchito yake timaidziwa tonse: ndi amene amakutira malata kuti asachite dzimbiri, iye n'kumadyeka m'malo mwa chitsulo.

Chimene chinandibweretsa kuno ndi chitsulo chachitatu, chimene anthu ambiri sadziwa kuti mgodi uno unkatulutsanso: vanadium, nambala 23. Ameneyu ndi bilimankhwe. Ndinaona kamodzi kokha ku koleji, ndipo sindinaiwale. Aphunzitsi anatenga madzi achikasu a vanadium mu asidi, n'kuponyamo tizidutswa ta zinki, n'kumakhutchumula. Chikasu chija chinasanduka buluu. Buluu anasanduka wobiriwira. Wobiriwira anasanduka pepo. Palibe utoto umene anathira. Zinki ankangopatsa vanadium elekitironi imodzi imodzi, kuchoka pa +5 (nambalayi ikuwerenga maelekitironi amene chitsulo chapereka) kufika +4, +3, mpaka +2, ndipo sitepe iliyonse inali ndi chovala chake. N'chifukwa chake Nils Sefström wa ku Sweden, atachipeza mu 1830, anachitcha dzina la Vanadis, mulungu wamkazi wa kukongola wa makolo awo. Andrés Manuel del Río anali atachipeza kale ku Mexico mu 1801, koma anzake anamutsutsa kuti ndi chromium chabe, iye n'kuvomera. Kugonja msanga kumaluzitsa.

Ndiye taganizani, zinki wosasintha ndi vanadium wosinthasintha ankatuluka m'dzenje limodzi kuno ku Kabwe.

Lachinayi, Kapiri Mposhi, Ndola, Kitwe

Kuyambira pa Kapiri Mposhi msewu ndi wa mathiraki. Apa ndi pamene imayambira njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 mpaka Dar es Salaam, imene inamalizidwa mu 1975 kuti mkuwa wa Zambia upeze njira ya kunyanja yosadzera kumwera. Lero wambiri ukuyenda pa matayala. Thiraki ina inaima pafupi nafe pa rodibuloko, ndipo ndinaona katundu wake bwinobwino: mapepala a mkuwa aakulu ngati chitseko chodula pakati, omangidwa m'mitolo ndi malamba achitsulo, ofiirira ngati mkati mwa papaya. Mitoloyo inali yochepa, thiraki n'kumaoneka ngati yopanda kanthu, koma matayala anali ataphwatalala. Mkuwa umalemera pafupifupi kasanu ndi kanayi kuposa madzi.

Dziko lino mkuwa uli paliponse. Mtundu wa olenji pa mbendera ukuimira chuma cha m'nthaka, ndipo timu ya mpira ndi Chipolopolo, zipolopolo za mkuwa.

Ku Ndola ndinalowa mu Copperbelt Museum pa msewu wa Buteko. Ndi kanyumba kochepa, koma ndinakhalamo mpaka wolondera anayamba kutsokomola. Malachite wobiriwira, wa mizeremizere ngati nthochi yaiwisi yodula. Azurite wabuluu wozama. Chalcopyrite wonyezimira ngati golide, mkuwa ndi chitsulo ndi sulphur pamodzi. Miyala yobiriwirayi ndi imene inkaulula mkuwa kalekale azungu asanabwere. Amisiri a ku Katanga, amene ankatchedwa akudya mkuwa, ankausungunula m'ng'anjo zadothi n'kuumba timitanda timene tinkayenda ngati ndalama. William Collier, amene mu 1902 anawombera chinyama chotchedwa chilembwe pafupi ndi mtsinje wa Luanshya n'kuona mwala wobiriwira pamene chinagwera, anapeza chinthu chimene eni dera ankachidziwa.

Tsopano ngongole ya Lolemba ija, nkhani ya mitundu. Ndiyesa kuifotokoza momwe ndikanafunira kuti wina andifotokozere ndili Fomu 3.

Maelekitironi amakhala m'zipinda mozungulira mtima wa atomu. Zitsulo wamba monga sodium zimadzaza chipinda chakunja. Zitsulo za pakatizi zili ndi khalidwe lina: chipinda chakunja chili kale ndi anthu, koma izo zimabwerera kukadzaza zipinda zisanu zamkati, zotchedwa d, zimene zimakwana maelekitironi 10. Popeza zipinda zamkatizi ndi chakunja chija sizitalikirana mphamvu, chitsulo chikhoza kupereka maelekitironi awiri lero, atatu mawa. Ndiwo masitepe a vanadium aja. Ndipo chitsulocho chikazunguliridwa ndi anansi, kaya madzi, kaya oxygen, kaya chlorine, zipinda zisanu zija sizikhalanso pa mulingo umodzi. Zina zimakwera, zina zimatsika. Kuwala kukafika, elekitironi imameza mtundu umodzi wa kuwalako kuti idumphire m'chipinda cham'mwamba, ndipo maso athu amaona zotsala. Mkuwa m'madzi umameza kufiira, ife timaona buluu.

Kuti kudumphaku kutheke pamafunika zinthu ziwiri: wodumpha, ndi malo odumphirapo. Zinki zipinda zake zonse n'zodzaza, malo palibe, n'chifukwa chake ndi woyera. Titanium wa mu penti anapereka onse, wodumpha palibe, nayenso woyera. Pali ena oswa lamuloli, monga permanganate wa pepo amene amatsukira zilonda ku chipatala, ndi vanadium wachikasu uja, amene mtundu wawo umabwera chifukwa elekitironi ikudumpha kuchoka kwa mnansi kupita ku chitsulo. Koma zimenezo n'za tsiku lina.

Amalume anandichingamira pa siteji ku Kitwe atavala jekete ngati akupita ku ukwati. Anti, amene ndi Mbemba, anaphika ifisashi ndi nkhuku ya lokolo. Msuweni wanga wayamba kale kundinena kuti Amalawi timayenda ndi mabuku m'malo mwa ndalama.

Lachisanu, Kitwe

M'mgodi salowa munthu wamba, ndiye sukulu yanga yachitikira kunja kwa mpanda, amalume akuloza ndi ndodo. Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, tauni ya Kitwe n'kubwera pambuyo pake. Bambo awo anafika nthawi imene anthu a ku Nyasaland ankadzaza m'makomboni a migodi, ena akalaliki, ena okumba, ambiri osabwereranso kumudzi.

"Mwala umene umatuluka pansi," anatero amalume, "ukauona sungautole. Pa makilogalamu 100, mkuwa ndi awiri kapena atatu. Zina zonse ndi zinyalala."

Anandifotokozera ulendo wake wonse. Mwala amaupera mpaka ukhale ufa, n'kuuthira m'madzi a mankhwala amene amawapopera mpweya. Tizidutswa ta mkuwa timakakamira ku thovu n'kuyandama, mchenga n'kumira. Thovulo amaliwengula ngati mafuta pa msuzi, kuliumitsa, n'kupita nalo ku ng'anjo. M'ng'anjo muja ntchito yaikulu ndi kulekanitsa mkuwa ndi m'bale wake chitsulo. Chitsulo chimakonda oxygen kuposa mkuwa, ndiye chimathamangira kukagwirana naye, kenako ndi mchenga umene amathiramo dala, n'kuyandama pamwamba ngati phala lakuda. Limenelo amalitaya. Sulphur amatuluka ngati utsi.

Phala lakuda lija, lotayidwa zaka makumi ambiri, ndi limene linapanga phiri limene tinaima patsinde pake, Black Mountain. Ndinatola kachidutswa: kolemera, konyezimira ngati galasi losweka, kakuthwa m'mbali. Akale ankafuna mkuwa basi, ndiye cobalt wambiri anapita ndi zinyalalazo. Lero cobalt ali pa mtengo chifukwa cha mabatire a mafoni ndi magalimoto amagetsi, ndipo dzala lasanduka munda. Anyamata amakumba m'mbali mwake, ena ndi manja. Mu 2018 mbali ina inagumuka n'kupha anthu. Amalume sanafune kukhalitsa pamenepo.

Za utsi anayamba okha. Kuno amautcha senta. "Ukabwera, mphwanga, umaumva kukhosi usanauone. Anti ako ankathamangira kukachotsa zovala pa chingwe, ndipo ndiwo za m'dimba zinkapsa masamba." Ndi sulphur dioxide. Ng'anjo zamakono zimaugwira n'kuusandutsa sulphuric acid, ndipo apa ndi pamene ndinalumpha ngati mwana, chifukwa chimene chimagwira ntchitoyo ndi bilimankhwe wa ku Kabwe uja. Utsi umadutsa pa timiyala tokhala ndi vanadium pentoxide. Vanadium amapereka oxygen wake ku utsiwo n'kutsika kuchoka pa +5 kufika +4, kenako amatenga oxygen wina mu mpweya n'kubwerera pa +5. Amangozungulira choncho, osatha, ngati mtondo umene umasinja chimanga cha mudzi wonse. Ndilo tanthauzo la liwu lija catalyst limene ndakhala ndikulembetsa ana. Chitsulo chimachitanso chimodzimodzi popanga ammonia, gwero la feteleza wa urea amene timalimbirana pa depoti.

Ntchito ya amalume eniake inali kumapeto, m'nyumba ya matanki. Mkuwa wochokera ku ng'anjo amauumba m'zigawo zochindikala n'kuzimiza m'madzi abuluu a copper sulphate ndi asidi, moyang'anizana ndi mapepala opyapyala. Akayatsa magetsi, mkuwa umasungunuka mbali iyi n'kukamera mbali inayo, zonyansa n'kugwera pansi ngati matope, ndipo m'matopemo mumapezeka golide ndi siliva pang'ono. Wotulukawo ndi 99.99 peresenti. Ndinafunsa chifukwa chovutikira chonchi. "Waya," anatero. "Kachitsotso kakang'ono m'kati, magetsi sayenda bwino." Pa kunyamula magetsi, mkuwa umangogonjera siliva yekha.

Madzulo tinadutsa kwa wogula zitsulo zakutha. Chida chake chachikulu ndi maginito a sipika yakale omangidwa pa chingwe. Akagunditsa n'kukakamira, mtengo wotsika, ndi chitsulo. Akapanda kukakamira amakanda ndi mpeni kuti aone mtundu: kufiira ndi mkuwa, chikasu ndi brass, mkuwa wosakaniza ndi zinki. Pa mzere wonse uja, zokakamira maginito mwamphamvu ndi zitatu zoyandikana, chitsulo, cobalt ndi nickel, 26, 27, 28. Mkuwa, khomo lotsatira, sumva n'komwe. Bamboyo sanafike Fomu 3, koma mayeso amenewa amakhoza tsiku lililonse.

Loweruka, Chingola ndi kubwerera ku Kitwe

Tinakwera minibasi kupita ku Chingola kukaona dzenje la Nchanga. Kukula kwake sindingakufotokoze bwino. Magalimoto onyamula miyala, amene tayala lake limaposa munthu kutalika, pansi pake amaoneka ngati nyerere pa mphika. Kupitirira pang'ono ndi Chililabombwe, kenako Kasumbalesa, chipata cha ku Congo, dziko limene limatulutsa cobalt woposa theka la wa dziko lonse lapansi.

Dzina la cobalt ndi la chipongwe. Okumba migodi a ku Germany ankapeza miyala yooneka ngati ya siliva, koma akaiotcha inkangotulutsa utsi wa poizoni. Ankati ndi ntchito ya kobold, kamzimu koipa ka pansi pa nthaka, ndondocha za kwawoko. Georg Brandt wa ku Sweden ndi amene anasonyeza m'zaka za m'ma 1730 kuti muli chitsulo chatsopano, chimene chimapatsa galasi mtundu wa buluu. Kamzimu komweko kali pakati pa vitamini B12, ndipo popanda iko magazi sapangika bwino.

Mu minibasi yobwerera, mnyamata wina anatulutsa kapepala kokulunga timiyala tobiriwira, akuti ndi emerald wa ku Lufwanyama, mtengo wa abale. Amalume anangoyang'ana kunja. Sindinagule, mwina linali botolo losweka. Koma anandikumbutsa chinthu chimene chimandizunguza mutu mpaka pano. Chromium ikalowa pang'ono mu mwala wa beryl imathandiza kuubiriwitsa, ndiye emerald. Chromium yomweyo, pa sitepe yomweyo ya +3, ikalowa mu corundum imaufiiritsa, ndiye ruby, ngati wa pa phiri la Chimwadzulu kwathu ku Ntcheu. Chasintha ndi mmene anansi aipanikizira, basi.

Titafika kunyumba amalume anati, "Dzulo wandimvera. Lero uone." Anatulutsa kachidutswa ka malachite kamene kakhala pa windo zaka zambiri, n'kukaphwanya ndi hamala pa khonde. Ufawo anauthira mu botolo la jamu, n'kudonthezera asidi wa batire ya galimoto, atavala magalasi awo akale a ku ntchito, ine atandikankhira kumbuyo. Ana musayesere, asidi ameneyu amaboola nsalu ndi khungu lomwe. Ufa unachita thovu kuti fwaa, ndipo kubiriwira kunatha, madzi n'kukhala buluu wa kumwamba kwa mwezi wa June.

"Ndi umenewo," anatero. "Mkuwa uli madzi."

Anagawa madziwo pawiri. M'botolo loyamba anaitanitsa mchere wa kukhitchini, anti akudandaula kuti tiwathera, n'kuthira masipuni angapo. Buluu anatembenuka kukhala wobiriwira: chlorine wa mu mchere analanda malo a madzi mozungulira mkuwa. M'botolo lachiwiri anaponyamo msomali wa mainchesi anayi umene anaukwecha ndi sandipepa. Tinamwa tiyi. Pomaliza kapu, msomali unali utavala chikhoto chofiirira cha mkuwa weniweni, chofewa, chochoka ndi chala, ndipo buluu wa madzi anali atayamba kuzilala. Chitsulo chinapereka maelekitironi awiri, mkuwa n'kuwalandira. Amalume akuti ndikasiya botololo pa windo masiku angapo ndidzapeza madzi achita chikasu chodera, chitsulo chitakwera kuchoka pa +2 kufika +3.

Msuweni wanga anafunsa ngati tingapange yambiri tikagulitse. Amalume anamuuza mtengo wa misomali, nkhani inathera pomwepo.

Andipatsa theka la malachite lotsala, kachidutswa ka phala lakuda ka ku Black Mountain, ndi magalasi aja. Ndazikulunga mu sokosi pansi pa chikwama. Msomali ndaukulunga padera mu pepala, chifukwa chikhoto chake chikusenda. Basi ya ku Lusaka inyamuka 5 koloko m'mawa, ndipo anti akuti ndisagone ndisanalawe chikanda.